Adiresi ya Mlendo: Mbiri ya Kukopera Memory m'Makina Osaphonya Nthawi

Pulogalamu ya pa kompyuta ikafuna kutumiza uthenga pa netiweki, sinyamula uthengawo n'kukaupereka m'manja mwa kernel. Imangotchula manambala awiri: adiresi ya pamene uthengawo uli m'memory, ndi kutalika kwake. Zili ngati munthu wofika pa positi ofesi chimanjamanja n'kuuza kalaliki kuti, "Bambo, phukusi langa ndalisiya kunyumba, nambala yake ndi iyi, kalitengeni nokha." Tsono kalalikiyu si munthu wamba. Makiyi a nyumba zonse za m'tauni ali m'thumba mwake, ngakhalenso a chipinda chosungira ndalama cha positi yomweyo. Akakhala wosafunsa, mlendo angamutume kunyumba imene kulibe, kapena kwa eni ake ena, kapenanso kumuuza kuti akatule katundu m'chipinda cha ndalama chija.

Kernel ndiye kalaliki ameneyu. Ndi phata la operating system, mbali yokhayo yololedwa kulamula zipangizo zonse za kompyuta. Ulendo wake wokatenga phukusi ndi waufupi, mizere yowerengeka chabe, koma wasowetsa anthu tulo kwa zaka zoposa 50. Ndipo sunayambe ndi netiweki ayi.

Unayambira ku Manchester, ku England, kumene mu 1962 gulu la Tom Kilburn la pa yunivesite, mothandizana ndi kampani ya Ferranti, linayatsa kompyuta yotchedwa Atlas. Masiku amenewo memory yothamanga inali yodula ndiponso yochepa zedi. Nzeru ya anthu a Atlas inali yoigawa m'zigawo zofanana, za mawu 512 chilichonse, zimene mpaka lero zimatchedwa masamba. Masamba ofunika panthawiyo ankakhala m'memory yothamanga, ena onse n'kumagona pa ng'oma ya maginito yozungulira, yaikulu koma yaulesi. Pulogalamu ikakhudza tsamba limene lili pa ng'oma, makina ankaiimitsa kaye, woyang'anira n'kukalitenga tsambalo, kenaka pulogalamu n'kupitiriza osadziwa n'komwe kuti inaimapo. Kuima kumeneku ndi kumene amisiri amati page fault.

Kuchokera pamenepo adiresi inaleka kukhala malo enieni, inasanduka lonjezo. Lonjezo limeneli limalephereka m'njira ziwiri. Mwina chinthucho chilipo koma chili kutali, muyenera kudikira. Mwina kulibiretu, kapena n'chamwini, mwanamizidwa. Vuto loyamba ndi kuchedwa, lachiwiri ndi bodza. Owerenga asunge awiriwa mosiyanitsa, chifukwa ngozi zambiri za kutsogoloku zinabadwa pamene anthu anachiza limodzi n'kuyesa kuti achiza onse.

M'zaka za m'ma 1960, a MIT, General Electric ndi Bell Labs anamanga Multics, imene inkaika mapulogalamu m'malinga angapo ozungulirana, la pakati n'kukhala lamphamvu kuposa onse. Bell Labs itatulukamo mu 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba Unix, ndipo malinga aja anawachepetsa kukhala mbali ziwiri basi: ya kernel ndi ya pulogalamu.

Makompyuta a PDP-11 a kampani ya DEC, amene Unix inakulirapo, anali ndi khalidwe lothandiza. Adiresi inali ya ma bit 16, kotero pulogalamu inkaona ma byte 65,536 okha, ndipo kernel inali ndi mapu ake a memory, pulogalamu mapu akenso. Adiresi 1000 kwa kernel ndi adiresi 1000 kwa pulogalamu anali malo awiri osiyana, ngati nyumba nambala 10 ya m'matauni awiri. Wolemba kernel sakanaiwala malire ngakhale atafuna, pakuti akangowerenga adiresi ya mlendo chisawawa ankakumana ndi zinyalala pompo. Kuti awoloke ankayenera kudzera pa malangizo apadera a processor, otchedwa MFPI ndi MTPI, otengera kapena kuika mawu tsidya linalo.

Mu Unix ya mtundu wachisanu ndi chimodzi, ya mu 1975, muli kale timayina timene tikadali moyo: fubyte yotenga byte imodzi kwa pulogalamu, subyte yoika, ndi copyin ndi copyout zosamutsa zambiri. Koma chimene ine ndimachisirira kwambiri ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa nofault. Kernel isanakhudze adiresi ya mlendo, inkalemba m'kabokosimo malo oti idzadzukire ikagwa. Adiresi ikakhala yabodza, processor inkakuwa, wolandira mkuwewo n'kusuzumira m'kabokosi, n'kuona kuti kugwaku kunali koyembekezereka. M'malo moti makina onse afe, ntchitoyo inkangobwerera ndi yankho lokana. Kalaliki ankasiya kakalata pa desiki asanatuluke: ndikapunthwa, mundidzutsire apa. John Lions wa ku University of New South Wales, ku Sydney, analemba ndemanga ya kernel imeneyi mu 1977, yonse yosafika mizere 10,000, ndipo ophunzira ambiri anaiphunzira nzeruyi pa mapepala ochita kukoperana mobisa chifukwa cha malamulo a laisensi.

Chiyeso chinabwera ndi makina abwino kuposa. VAX, imene DEC inatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inali ndi maadiresi a ma bit 32, malo otakasuka moti kernel ndi pulogalamu zinakwana pa mapu amodzi, kernel kumtunda, pulogalamu kumunsi. Tsopano kernel inkatha kungotambasula dzanja n'kuwerenga adiresi ya mlendo mwachindunji, ndipo zinkayenda. Okonza VAX anaiona ngoziyo, n'kuikamo malangizo a PROBER ndi PROBEW ofunsira ngati mlendoyo ali ndi chilolezo chowerenga kapena kulemba pamalopo. Koma funso limene makina sakukakamiza kufunsa, tsiku lina munthu adzaliiwala.

Ma socket, makomo amene pulogalamu imatumizira ndi kulandirira mauthenga pa netiweki, anafika mu 1983 ndi 4.2BSD, yochokera ku Berkeley ku California, ntchito ya gulu limene munali Bill Joy ndi Sam Leffler, ndi ndalama za DARPA. Kale kuwerenga kapena kulemba fayilo kunkafuna adiresi imodzi ndi kutalika kumodzi. Socket inabweretsa mlendo wa akatundu ambiri. Taonani sendmsg yokha. Pulogalamu imapereka adiresi ya chikalata chotchedwa msghdr. M'chikalatamo muli adiresi ina, ya dzina la wolandira, ndi kutalika kwake. Mulinso adiresi ya mndandanda wa tizidutswa totchedwa iovec, ndi chiwerengero chake. Kachidutswa kalikonse nakonso ndi adiresi ndi kutalika. Kalaliki akafika kunyumba ija sapeza phukusi, amapeza kalata yomutuma kunyumba zina zitatu, ndipo kumeneko akapezanso makalata ena. Pa khomo lililonse bodza likhoza kubisala. Onjezanipo setsockopt ndi ioctl, zimene mtundu uliwonse wa socket umamasulira mwa njira yakeyake, muona chifukwa chake mbali iyi ya kernel inadzakhala munda wachonde wa zolakwika.

Linus Torvalds atayamba Linux ku Helsinki mu 1991, pa processor ya Intel 386, ankafikira memory ya pulogalamu kudzera pa register ina yotchedwa fs, ndiye gwero la mayina akale monga memcpy_fromfs. Asanakopere, wolemba driver ankaitana verify_area, imene inkafufuza m'kaundula wa memory ya pulogalamuyo ngati malowo alipodi. Pa 386 panalinso chilema: processor sinkalabadira chizindikiro choletsa kulemba ngati wolembayo ndi kernel, ndipo anachikonza ndi 486. Njira yofunsa kaye inali ndi zovuta ziwiri. Inkadya nthawi pa ulendo uliwonse, chonsecho maadiresi ambiri ndi oona. Komanso pakati pa kufunsa ndi kukopera, thread ina, nthambi ya pulogalamu yomweyo yoyenda payokha, inkatha kuchotsa tsamba lija, yankho la kale n'kusanduka lopanda ntchito.

Mu 1996, m'mitundu yoyambirira ya Linux 2.1, anasiya kufufuza m'kaundula n'kubwerera ku nzeru ya nofault, koma yokhwima. Langizo lililonse la kernel lololedwa kukhudza memory ya pulogalamu linalembedwa m'tebulo lapadera, pamodzi ndi malo odzukira likagwa. Chotsala chinali funso limodzi lotsika mtengo, access_ok, longoona ngati adiresiyo ili kumunsi, mbali ya pulogalamu, osati kumtunda kwa kernel. Zina zonse processor inkazigwira yokha. Apa ndi pamene panabadwira copy_from_user ndi copy_to_user. Zili ndi kamsampha kamene kakola anthu ambiri: sizibweza nambala yosonyeza cholakwika, zimabweza chiwerengero cha ma byte amene alephera kukoperedwa. Wolemba amene amangoyang'ana ngati yankho lili pansi pa ziro sadzaona kulephera mpaka kalekale. Panthawi yomweyo Linux ya pa Intel inaika kernel ndi pulogalamu pa mapu amodzi, chiyeso cha VAX chija n'kulowanso m'nyumba. Ofufuza a ku Stanford otsogoleredwa ndi Dawson Engler atapeza malo ambirimbiri amene kernel inkagwira maadiresi a alendo ndi manja, Torvalds analemba mu 2003 chida chotchedwa sparse, ndipo adiresi iliyonse yochokera kunja inayamba kupakidwa chizindikiro cha __user kuti chidacho chizikuwa wina akaigwira molakwika.

Mpaka pano nkhondo yonse inali yolimbana ndi bodza. Kuchedwa palibe ankakuda nkhawa. Tsamba likakhala pa disiki, thread inkagona m'kati mwa copy_from_user, ena n'kumagwira ntchito, tsamba likafika n'kudzuka. Kwa munthu wolemba kalata pa kompyuta, kamphindi kameneko sikaoneka.

Koma kuli makina ena amene kamphindi ndi chilichonse. Anthu ambiri amayesa kuti real-time ndi liwiro, pamene ndi kusunga pangano la nthawi. Mkono wa robot m'fakitale umawerenga malo amene uli n'kulamula mota yake mwina kamodzi pa millisecond iliyonse, ndiko kuti ka 1,000 pa sekondi. Yankho lofika mochedwa ndi lolakwika ngakhale masamu ake atakhala oona, chifukwa mkonowo wadutsa kale pamenepo. Disiki yozungulira imafuna ma millisecond angapo kuti ipeze tsamba limodzi. Ngakhale page fault yosafika ku disiki imafuna kuti Linux ipeze tsamba lopanda kanthu ndi kudikira mipiringidzo yake yam'kati, ndipo palibe angalonjeze kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Kwa mmisiri wa makina otere, funso si lakuti kawirikawiri zimatenga nthawi yanji, koma tsiku loipitsitsa zidzatenga nthawi yanji.

Oyamba kuyesa kumanga zimenezi pa Linux anazemba vutolo. Ku Socorro, ku New Mexico Tech, Victor Yodaiken ndi wophunzira wake Michael Barabanov anapanga RTLinux cha m'ma 1996 ndi 1997. Anaika kernel yaing'ono pansi pa Linux, yolandira poyamba ma interrupt onse, kugogoda kwa zipangizo zofuna processor, Linux yonse n'kusanduka mwana womaliza kudya, wopatsidwa processor pokhapokha ntchito zachangu zakhuta. Ntchito zachanguzo zinkalembedwa ngati zigawo za kernel, m'memory yosachoka, kotero panalibe mlendo, panalibe malire owoloka. Mtengo wake unali wowawa: cholakwika chimodzi m'pulogalamu yoyendetsa mota chinkagwetsa makina onse, ndipo kuchifufuza kunali ngati kusaka singano usiku.

Ku Politecnico di Milano, m'dipatimenti ya maphunziro a ndege, Paolo Mantegazza anatsogolera RTAI kuyambira 1999, ndipo mbali yake yotchedwa LXRT inalola ntchito zachangu kukhala kunja kwa kernel ngati mapulogalamu wamba. Mu 2001 Philippe Gerum anayamba Xenomai, kenaka n'kumanga Adeos, chigawo chogawira ma interrupt chimene Karim Yaghmour anachiganiza, chothandizanso kulambalala patent ya RTLinux. Xenomai ndi RTAI zinayendera limodzi kuyambira 2003, n'kupatukana mu 2005. Malire aja anabwereranso, tsopano ali ndi wotchi pamwamba pake.

Thread ya Xenomai ili ndi makomo awiri. Ikakhala m'manja mwa kernel yachangu amati ili mu primary mode, ndipo nthawi yake ndi yotsimikizika. Ikafuna chinthu chimene Linux yokha ingapereke imasamukira mu secondary mode, kumene imaima pa mzere ndi anzake onse. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano mvula yake ndi page fault: kernel yachangu sidziwa kutenga masamba, kotero thread ikangokhudza tsamba losakhalapo imakankhidwira kwa Linux mwakachetechete. Pulogalamu imayendabe, koma pangano la nthawi lasweka. N'chifukwa chake amisiri amayang'anitsitsa mzati wa MSW m'ziwerengero za Xenomai, wosonyeza kuti thread yasamuka kangati, ndipo ena amapempha kuti chizindikiro cha SIGXCPU chiziwagogodera nthawi iliyonse zikachitika.

Mankhwala a kuchedwa analipo kale. Muyeso wa POSIX wa mu 1993 unabweretsa mlockall, lamulo lokhomerera masamba onse a pulogalamu m'memory kuti asachotsedwe, a lero ndi a m'tsogolo omwe. Pulogalamu yosamala imaitana lamuloli poyambirira, imakonzeratu memory yonse imene idzafune, imakhudziratu masamba a stack yake, ndipo imasamala ndi fork, imene imachititsa kuti masamba agawanidwe mpaka wina atalembapo. Xenomai inafika poti laibulale yake imakhomerera yokha pulogalamu ikamayamba. Zikatere kukopera kumakhala ndi nthawi yodziwika, yongodalira kuchuluka kwa ma byte.

Netiweki yachangu inakulira ku Hannover, ku Germany. Mu 2001, pa yunivesite ya kumeneko, Ulrich Marx anayamba RTnet, pomanga pa ntchito ya David Schleef, ndipo pambuyo pake Jan Kiszka anaitenga n'kuikulitsa. Inkatumiza UDP pa Ethernet wamba koma mogawana nthawi, makina aliwonse kuyankhula pa mphindi yake kuti mauthenga asagundane. Inalinso ndi nkhokwe za timabokosi ta mauthenga, ma rtskb, tokonzeratu pasadakhale, poti m'kati mwa ntchito yachangu simupemphedwa memory yatsopano. Mu 2005, pa msonkhano wa Real-Time Linux Workshop ku Lille, Kiszka anafotokoza RTDM, ndondomeko imodzi yolembera ma driver achangu, yokhala ndi zipangizo zotsegulidwa ndi dzina ndi zina zotsegulidwa ngati socket. Posakhalitsa Wolfgang Grandegger ndi anzake anamangapo RT-Socket-CAN, ya waya wa CAN umene Bosch inaulengeza mu 1986, woyenda m'magalimoto ndi m'makina a m'mafakitale ndi timauthenga ta ma byte 8.

Driver ya RTDM ili ndi alendo a mitundu iwiri. Wina ndi wa m'nyumba, chigawo cha kernel chopereka adiresi ya kernel. Wina ndi wakunja. Choncho funso loyamba ndi lakuti waitana ndani, ndipo mu Xenomai 3 limafunsidwa ndi rtdm_fd_is_user. Akakhala wakunja pali njira ziwiri. Mungafunse kaye ndi rtdm_read_user_ok kapena rtdm_rw_user_ok kenaka n'kukopera ndi rtdm_copy_from_user, imene payokha sifunsa kanthu. Kapena mungaitane rtdm_safe_copy_from_user yochita zonse ziwiri. Mayinawa amasiyana ndi liwu limodzi, ndipo diso lotopa la usiku sililiona. Zimasiyananso ndi za Linux pa yankho: izi zimabweza ziro kapena EFAULT, cholakwika cha adiresi yabodza, osati ma byte otsala.

Apa ndi pamene mavuto awiri aja anasokonezedwa. RTnet inabadwa m'masiku amene ntchito zachangu zinali m'kernel, ndipo timalamulo take tosamutsa uthenga pakati pa iovec ndi rtskb tinali memcpy wamba, kukopera kosafunsa kanthu. Mapulogalamu akunja atayamba kuigwiritsa ntchito, zinayendabe bwinobwino. Zikanalekeranji? Masamba anali okhomerera, mapu anali amodzi, ndipo pulogalamu inali yolembedwa ndi mmisiri yemweyo amene anamanga makinawo. Maganizo ake ndi osavuta kuwamvetsa: palibe page fault, ndiye tebulo la kugwa lija n'lachiyani? Koma mlockall imangolonjeza kuti masamba amene pulogalamu ili nawo sadzachoka. Sinena chilichonse za nambala imene pulogalamuyo yapereka. Nambalayo ikhoza kukhala ziro, ikhoza kuloza memory yobwezedwa kale, ikhoza kuloza pakati pa kernel. Siifunika kukhala ya mbava. Mmisiri woona mtima amene waiwala kudzaza mzere umodzi wa msghdr amapereka bodza lomwelo.

Kusiyana kwake kumaonekera pa tsiku loipa. Adiresi yolakwika ikadutsa pa njira yovomerezeka, thread imataya nthawi yake inde, koma imadzuka ndi EFAULT, pulogalamu n'kudziwa kuti yalakwa, woyang'anira makina n'kuimitsa mota mwadongosolo. Ikadutsa pa memcpy, kernel imagwa pa malo osalembedwa m'tebulo. Choipa koposa, adiresiyo ikaloza malo enieni a kernel palibe kugwa kulikonse: uthenga wochokera pa waya umalembedwa pamwamba pa zinthu za eni ake, ndipo makina adzapenga mawa, kutali ndi pamene panalakwika.

Palinso nkhani ya mpiringidzo. Driver yachangu imateteza mizere yake ya mauthenga ndi spinlock yotseka ma interrupt onse, ndipo ikapiringidza chonchi processor imakhala yogontha. Kukopera memory ya mlendo uli m'kati mwa mpiringidzo ndi kulakwa kawiri. Page fault ikabwera, thread singasamukire kwa Linux itanyamula mpiringidzo, ndipo makina amauma. Ngakhale isabwere, wapatsa mlendo mphamvu yosankha kuti processor ikhale yogontha nthawi yaitali bwanji, poti kutalika kwa uthenga wasankha ndi iye. Driver yolembedwa bwino imayenda chonchi potumiza: imakopera chikalata m'nyumba, imayesa chiwerengero ndi kutalika kulikonse, imakopera uthenga m'kabokosi kake, kenaka ndi pamene imapiringidza kwa kamphindi kuti iike kabokosiko pa mzere. Polandira imatembenuza: imapiringidza, imachotsa kabokosi pa mzere, imatsegula, kenaka n'kukopera. Uthenga wa CAN ndi waung'ono, ma byte 16 pamodzi ndi mutu wake, moti umakwana pa stack. Ndipo kukopera kukalephera, kabokosi kayenera kubwezedwa ku nkhokwe. Oiwala zimenezi amapeza kuti pulogalamu yolakwa maulendo ochepa yamaliza nkhokwe yonse, socket n'kukhala chete ngati waya waduka.

Pamene a real-time ankaphunzira izi m'mafakitale, Linux wamba inkaphunzira kwa akuba. Mu February 2008 kuiwala kuyesa adiresi mu vmsplice kunapatsa aliyense wolowa pa makina mphamvu za root, wolamulira makina onse. Koma chitsanzo chimene wolemba driver ya socket aliyense ayenera kuchidziwa ndi cha RDS, mtundu wa socket wochokera ku Oracle umene unalowa mu Linux 2.6.30. Olemba ake anafuna liwiro, n'kusankha njira yokopera yosafunsa access_ok. Mu October 2010 Dan Rosenberg anasonyeza kuti munthu wamba angadzitumizire uthenga n'kuuza kernel kuti iutule pa adiresi ya kernel yomweyo. Kalaliki anatuladi katundu m'chipinda cha ndalama. Pa makompyuta ambiri sipankafunika kuti mwini wake akhale wogwiritsa ntchito RDS, poti kungopempha socket ya mtunduwo kunkailowetsa yokha. Torvalds pokonza anachotsa nzeru zothamangitsira zija n'kubwezeretsa kukopera wamba, ndipo ananena kuti pa ma processor amakono njira yochenjerayo inali yochedwa kuposa yowongoka. Chikomekome cha mkuyu.

Mu 2013 munatuluka maphunziro ena awiri. Mathias Krause anapeza kuti mitundu yambiri ya socket, pobweza dzina la wotumiza mu recvmsg, inkapatsa pulogalamu ma byte osayeretsedwa, zotsalira za kernel zimene zingakhale ndi zinsinsi. Malire amadontha mbali zonse ziwiri, ndipo timipata tosadzazidwa ta m'kati mwa chikalata tiyenera kupukutidwa ndi ziro tisanatuluke. Chaka chomwecho Mateusz Jurczyk ndi Gynvael Coldwind, ndi chida chawo cha Bochspwn, anasaka mu Windows malo amene kernel imawerenga nambala imodzi kawiri. Ulendo woyamba imayesa kutalika n'kupeza kuli bwino, wachiwiri imagwiritsa ntchito, koma pakatipo thread ina yasintha nambalayo. Masamba okhomerera sateteza ku zimenezi ngakhale pang'ono. Chitetezo ndi kukopera kamodzi, n'kukhulupirira kope ya m'nyumba yokhayo.

Kenaka makina eni ake analowererapo. Intel inabweretsa SMAP, imene Linux inaikonzekera mu 3.7 mu 2012 ndipo inafika m'manja mwa anthu ndi ma processor a Broadwell cha m'ma 2014. ARM inabweretsa yake yotchedwa PAN. Pansi pa SMAP kernel ikakhudza tsamba la pulogalamu imagwa pompo, pokhapokha itatsegula kaye chitseko ndi langizo la STAC n'kudzatseka ndi CLAC, ndipo malangizo awiriwa amakhala m'kati mwa njira zovomerezeka zokopera. Mwambo wa PDP-11 unabwerera patapita zaka pafupifupi 40. RTnet, imene inali italowa mu Xenomai 3 ya mu 2015, inayamba kugwa pa makompyuta atsopano ndi mapulogalamu osalakwa konse. Mankhwala a msangamsanga anali kuyatsa makina ndi liwu lakuti nosmap, kumene kuli kuthyola belu chifukwa likusokosa. Mankhwala enieni anali oti osamalira Xenomai adutse m'njira zake zonse, sendmsg, recvmsg, bind, ioctl, n'kuika kukopera koyenera paliponse pamene dzanja linkatambasuka. Ndimaona kuti apa processor inachitira anthu chifundo chachikulu. Cholakwika chobisala zaka zoposa 10 chinasanduka chogwa pa mayeso oyamba.

Zotsatira zinabwera motsatizana. Linux 4.8 ya mu 2016 inalandira kudzera kwa Kees Cook chitetezo chochokera ku PaX ndi grsecurity, choyesanso mbali ya kernel kuti kukopera kusasefukire kunja kwa kabokosi. Mu 2017 access_ok inaiwalikanso mu waitid ya Linux 4.13, m'manja mwa akatswiri a kernel eni ake. Ndipo set_fs, chizolowezi chakale chofutukula malire kwa kanthawi kuti kernel idutse pa khomo la alendo ndi maadiresi ake, inachotsedwa pa Intel mu 5.10 n'kutheratu mu 5.18 mu 2022. Pokonzekera zimenezi Christoph Hellwig anapatsa setsockopt mtundu watsopano wa adiresi, sockptr_t, woyenda ndi chizindikiro chonena ngati ndi ya m'nyumba kapena yakunja. Ndi funso lomwe lija limene ma driver a RTDM akhala akufunsa kuyambira 2005.

Njira ina yonse ya real-time, PREEMPT_RT ya Ingo Molnar, Thomas Gleixner, Steven Rostedt ndi anzawo, yosafuna kernel yachiwiri koma yosula Linux yeniyeniyo kuti izisunga nthawi, inalowa mokwanira mu Linux 6.12 kumapeto kwa 2024, patapita zaka pafupifupi 20 za ntchito. Kumeneko kulibe primary mode kapena secondary mode, koma page fault ikadali yosalonjezeka, ndipo cyclictest, chida choyezera kuchedwa, chili ndi kosankhira kake kokhomerera masamba. Xenomai nayo inasiya I-pipe, yochokera ku Adeos ija, n'kusamukira pa Dovetail, ndipo ma driver ake akukoperabe monga kale.

Mukatsegula copy_from_user ya lero pa processor ya Intel, mupeza kuyesa malire, STAC, langizo losamutsa ma byte, CLAC, ndi mzere umodzi wolembetsa malo odzukira m'tebulo. Mu FreeBSD, mdzukulu wa Unix ya ku Berkeley, fubyte, subyte, copyin ndi copyout zikadali ndi mayina awo a pa PDP-11, ndipo kabokosi ka nofault kaja tsopano kamatchedwa pcb_onfault. Pulogalamu ikapereka adiresi ya nyumba imene kulibe, imalandira EFAULT, cholakwika nambala 14.